Kalata yochokera ku Stillwater

Bwanawe,

Uthenga wako uja ndinaulandira, woti unagona m'galimoto pa mzere wa petulo mpaka tambala kulira. Ndinaseka kaye, kenako manyazi anandigwira, poti ine kuno ku Oklahoma ndimaponda pamwamba pa mafutawo tsiku ndi tsiku.

Loweruka lapitali mnzanga wa m'kalasi ananditengera ku Cushing, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera kuno. Ndi katauni kochepa, anthu ake sakwana 10,000. Koma ukangotuluka pang'ono, mathanki akuluakulu ali mbwee mpaka maso kutopa. Mapaipi ochokera ku Texas ngakhale ku Canada amakumana pamenepo, ndipo mtengo wa mafuta aku America umene amaulengeza pa nkhani zamalonda ndi wa mafuta ofikira pa Cushing pomwepo. Mu April 2020, nthawi ya Covid, mathanki atatsala pang'ono kudzaza, mtengowo unatsika kupitirira ziro. Wogulitsa ndiye ankalipira wogula kuti amuchotsere katundu!

Chinandidabwitsa n'choti chumacho sichioneka m'katauniko. Pamsewu waukulu pali nyumba zakale za njerwa zofiira, zina zotseka. Mayi wina amene anatigulitsa khofi anatilozera khoma long'aluka, nati ndi chivomerezi cha mu November 2016. Akatswiri amati zivomerezi za zaka zimenezo zinkadza chifukwa cha madzi amchere otuluka ndi mafuta, amene makampani ankawapopera pansi pa nthaka. Ankafotokoza akupukuta tebulo, ngati akukamba za mvula ya dzulo.

Ndalama zamafuta ndimaziona kuno ku Stillwater. Bwalo lathu limatchedwa Boone Pickens Stadium, dzina la mpondamatiki wa mafuta amene mu 2006 anapereka madola 165 miliyoni ku zamasewero za yunivesite ya Oklahoma State. Mumalowa anthu oposa 50,000, pafupifupi tauni yonse. Mpira wake ndi wa ku America uja, wothamanga nawo m'manja atavala zisoti, ndipo malamulo ake mpaka pano amandizunguza mutu. Ine ndimapitira phokoso. Aliyense amavala zaolenji, ndipo ana asukulu okhala mzere wakutsogolo amamenya khoma ndi zithabwa, phwa phwa phwa, masewero onse osapuma.

Ku likulu, Oklahoma City, nako ndinafikako. Nyumba ya boma anaimaliza mu 1917 koma denga lake lozungulira lija anaikapo mu 2002. Pabwalo pake pali nsanja ya chitsime cha mafuta chotchedwa Petunia No. 1, poti mu 1941 anakumba pakati pa bedi la maluwa. Bwanamkubwa akasuzumira panja amaona kumene ndalama inachokera. Ukayenda makilomita angapo ufika pa Paycom Center, kwawo kwa Thunder, timu ya basketball imene inasamuka ku Seattle mu 2008 n'kudzatenga chikho cha NBA mu 2025. Matikiti ake thumba langa silinafikepo.

Ndatsala pang'ono kuiwala: timu ya yunivesite yathu ikagoletsa, hatchi yakuda imathamanga m'bwalo anthu akukuwa. Dzina lake ndi Bullet. Iwe wa Manoma ukanatuluka masewero ali mkati.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Undiuze ngati petulo uja unamupeza.

Ndine mnzako,
wa ku Ndirande uja