Nyimbo zakale ndi mabuku a ana: tikonze poyera, tisafafanize mobisa

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikugawanitsa atsogoleri a mipingo, aphunzitsi ndi makolo ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zambiri, imenenso ikutikhudza ife Aafirika chifukwa nthawi zambiri onenedwawo ndife. Nkhaniyi ndi ya nyimbo zakale za m'tchalitchi ndi mabuku a ana momwe muli mawu kapena zithunzi zonyoza anthu chifukwa cha khungu lawo. Ena akufuna kuti zonsezo zichotsedwe, pamene ena akuti kuzikhudza ndi kulakwira anthu amene anamwalira kalekale ndipo sangadziyankhire. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikusakaniza zinthu zosiyana. Kusiya kuyimba mawu onyoza pamaso pa Mulungu, kapena kusiya kuwerengera mwana wamng'ono nthano yomuchotsa ulemu, ndi chinthu choyenera. Koma kubisa kuti mawuwo analembedwapo ndi chinyengo, ndipo wopindula nacho si wonyozedwayo ayi.

M'chaka cha 1819 Reginald Heber, wansembe wa mpingo wa Anglican, analemba nyimbo yotchedwa From Greenland's Icy Mountains pofuna kulimbikitsa akhristu a ku Britain kupereka ndalama zothandizira ntchito ya amishoni. Nyimboyi imatchula chilumba cha Ceylon, chimene lero ndi Sri Lanka, ndi kunena kuti kumeneko zonse zimene diso lingaone n'zokongola kupatula munthu yekha, amene ndi wonyansa. Ikupitiriza kuti wachikunja, posaona ndi maso a mumtima, amagwadira mtengo ndi mwala. Pa nthawiyo Heber anali asanapondeko ku Asia, pakuti anakhala bishopu wa ku Calcutta m'chaka cha 1823. Oiikira kumbuyo nyimboyi amati wolembayo ankanena za uchimo wa anthu onse, ndipo mwina ndi zimenedi ankaganiza, koma funso n'lakuti n'chifukwa chiyani anakamuika ku Ceylon munthu wonyansayo pomwe ochimwa analipo ambirimbiri mu London momwemo. Mahatma Gandhi, polankhula kwa amishoni ku Calcutta m'chaka cha 1925, ananena kuti mizere imeneyi inkamupweteka, ndi kuti m'maulendo ake onse m'dziko la India sanapeze kuti munthu wa kumeneko ndi wonyansa. Panapitanso zaka zoposa makumi asanu kuti mpingo wa Episcopal ku America uisiye nyimboyi kunja kwa buku lake la nyimbo la 1982.

Maganizo akuti Mulungu anasanja anthu m'magulu ndipo aliyense akhale pomwe anaikidwa sanali a khungu lokha. Nyimbo ya ana ya Cecil Frances Alexander ya mu 1848, yotamanda zolengedwa zonse zazikulu ndi zazing'ono, inali ndi ndime yonena kuti wolemera ali m'nyumba yake yachifumu, wosauka ali pachipata, ndipo Mulungu ndiye anawaika momwemo. Ndime imeneyi mabuku ambiri a nyimbo anaichotsa kalekale, ndipo sindinamve kuti mpingo wina unagwa chifukwa cha zimenezo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chiphunzitso chimene chimalowa mwa mwana popanda mawu. Mlaliki wotchuka wa ku London, Charles Spurgeon, m'chaka cha 1866 analalikira za kabuku kopanda zilembo kokhala ndi masamba atatu: lakuda loimira uchimo, lofiira loimira mwazi wa Yesu, ndi loyera loimira mtima wotsukidwa. Kabukuka kanafalikira ndi amishoni ndipo kanakhazikika m'Sande sukulu za m'mayiko ambiri chifukwa sikafuna kuti munthu adziwe kuwerenga. Tiyeni tiganizire mwana wakuda amene wakhala pansi kutsogolo kwa mphunzitsi. Mphunzitsi akukweza tsamba loyamba ndi kufunsa kuti mtundu umenewu ukuimira chiyani, ana onse akuyankha mokweza kuti tchimo, ndipo mwanayo, amene wangophunzira kumene kutchula mitundu ya zinthu, akutsitsa maso n'kuona dzanja lake lili pabondo. Palibe amene wamuuza kuti khungu lake ndi loipa, ndipo mphunzitsiyo angakhumudwe atamva kuti mwana waganiza chomwecho, komabe mwanayo wapita kwawo ali ndi funso limene sadzafunsa munthu. N'chifukwa chake ambiri ogwiritsa ntchito kabukuka masiku ano amanena za mdima wa uchimo m'malo mwa kuda kwa mtima.

Pamenepa ndiyenera kusiyana ndi anthu amene amangomva mawu akuti kuyera m'nyimbo n'kunena kuti apeza tsankho. Pemphero la Davide mu Salmo 51 lakuti atsukidwe kufikira atayera kuposa matalala likunena za chovala chotsukidwa ndi mtima wolapa, ndipo analilemba munthu amene sanali mzungu. Baibulo lomwelo, pa Numeri 12, likusimba kuti Miriamu ndi Aroni atamunena Mose chifukwa chokwatira mkazi wa ku Kusi, chilango cha Miriamu chinali khate limene linayeretsa khungu lake mbuu. Ngakhale temberero la pa Genesis 9, limene ogulitsa akapolo ndi ochirikiza tsankho ankalitchula kosalekeza, linagwera Kanani osati ana onse a Hamu, ndipo pa mutu wonsewo palibe pamene khungu latchulidwa. Vuto linali mwa anthu amene anabwera ku malemba atadziwa kale zimene akufuna kupezamo.

Sindikugwirizananso ndi zotaya nyimbo yabwino chifukwa cha mbiri ya wolemba. John Newton anali kapitao wa sitima zonyamula akapolo kuchokera kugombe la kumadzulo kwa Afirika mpaka m'chaka cha 1754, ndipo nyimbo yake ya Amazing Grace inasindikizidwa mu 1779. Anadikira mpaka 1788 kuti alembe poyera kutsutsa malonda a akapolo ndi kuvomera kuti kukumbukira zimene anachita kunkamuchititsa manyazi, ndipo zaka 34 za kukhala chete n'zambiri ndithu. Komabe m'nyimbo yakeyo munthu womvetsa chisoni amene akutchulidwa ndi mwini wake, osati mlendo wa kutsidya kwa nyanja, ndipo zidzukulu za akapolo ku America zinaitenga kukhala yawoyawo. Muyeso woyenera ndi wakuti tione zimene nyimbo ikuika m'kamwa mwa woyimba, ndiponso ngati munthu amene akunenedwayo angathe kuyimba nawo ataima pambali pathu.

Ku mabuku a ana zinthu zinali zoonekeratu kuposa m'nyimbo, chifukwa kumeneko kuli zithunzi. M'buku loyamba la Hugh Lofting lonena za Doctor Dolittle, la mu 1920, mwana wa mfumu ya ku Afirika dzina lake Bumpo akuchonderera dokotalayo kuti amusandutse mzungu, ndipo dokotala akumuviika nkhope m'mankhwala oyeretsa khungu kuti dokotalayo apeze mpata wothawa m'ndende. Wolembayo ankafuna kuti ana aseke pamenepo. Nthano ya zithunzi ya Tintin ku Congo, imene Hergé anayamba kuitulutsa mu 1930 m'tsamba la ana la nyuzipepala ina ya Chikatolika ku Belgium, inajambula anthu a ku Congo ali ndi milomo ikuluikulu, aulesi ndi oganiza ngati ana, ndipo pa chithunzi china Tintin waima pabolodi kuphunzitsa ana akuda za Belgium, dziko limene linkawalamulira, ngati kuti ndi dziko lawo. Pokonzanso bukuli mu 1946 wolembayo anasintha phunzirolo kukhala la masamu, koma nkhope zija anazisiya momwemo. Ngakhale mu 1964, nthawi imene mayiko ambiri a mu Afirika anali atalandira kale ufulu wodzilamulira, Roald Dahl analemba kuti antchito a m'fakitale ya chokoleti ya m'nthano yake anali akafula otengedwa m'nkhalango za ku Afirika, amene ankalipidwa nthanga za koko ndipo ankasangalala nazo.

Anthu ena amati ana saona zimenezi, ndipo ndife akuluakulu amene tikuzikulitsa. Koma akale anati mmera mpoyamba, ndipo umboni ulipo. M'zaka za m'ma 1940 akatswiri awiri a za kaganizidwe ka munthu, Kenneth Clark ndi mkazi wake Mamie, ankaonetsa ana akuda a ku America zidole zofanana m'zonse kupatula khungu, n'kuwafunsa kuti chabwino ndi chiti, choipa ndi chiti. Ambiri anasankha chidole choyera kuti ndicho chabwino, ndipo atafunsidwa kuti aloze chofanana ndi iwo, ena analira n'kutuluka m'chipindamo. Khoti lalikulu la dzikolo linatchula kafukufukuyu mu 1954 pogamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu n'kosemphana ndi malamulo. Sindikunena kuti mabuku okha ndiwo anachititsa zimenezi, koma analinso mbali ya dziko limene anawo ankakuliramo, ndipo pamene sankawanyoza ankangowasiya kunja. Nancy Larrick atawerengera mabuku a ana oposa 5,000 osindikizidwa ku America pakati pa 1962 ndi 1964, anapeza kuti osakwana 7 pa 100 aliwonse ndiwo anali ndi munthu wakuda ngakhale mmodzi.

Kusintha kwa maganizo kumene tikuonaku sikunabwere chifukwa chakuti anthu a masiku ano ndi oyera mtima kuposa makolo awo. Kunabwera pamene anthu onenedwawo, pamodzi ndi ena amene anawamvera, anayamba kuyankha. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa, mwina chifukwa nanenso ndikulemba kalata, ndi cha buku la Laura Ingalls Wilder la mu 1935, limene pofotokoza dera lina lakumadzulo kwa America linati kunalibe anthu, kunali Amwenye okha, kutanthauza eni nthaka a dzikolo. Mu 1952 wowerenga wina analembera osindikiza kudandaula, ndipo mkonzi wa bukulo anavomera kuti pa zaka zonsezo panalibe amene anaona cholakwika pa chiganizo chimenecho. Wolembayo, amene anali adakali moyo, anavomeranso kuti analakwitsa ndipo analola kuti mawuwo asinthidwe. Dahl nayenso, atadzudzulidwa ndi bungwe la NAACP lomenyera ufulu wa anthu akuda, anasintha yekha akafula aja m'buku lotuluka mu 1973 kukhala anthu a dziko longopeka.

Zimenezo zinali zosavuta chifukwa eni mabukuwo analipo. Zimavuta mwini akamwalira. Mu 2023 zinaululika kuti kampani yosindikiza mabuku ya Puffin inasintha mawu m'malo mazanamazana m'mabuku a Dahl, amene anamwalira mu 1990, ndipo anthu atakwiya kampaniyo inalengeza kuti idzagulitsanso mabuku okhala ndi mawu oyambirira. Ine ndili kumbali ya okwiyawo, ngakhale pa chifukwa china. Buku likakonzedwa popanda wowerenga kuuzidwa chimene chachotsedwa, wolembayo amatsukidwa ulere, ndipo pakapita zaka makumi awiri mdzukulu wathu akadzanena kuti mabuku a azungu ankatijambula ngati nyama, adzauzidwa kuti aonetse tsamba, iye n'kulisowa. Pa chifukwa chomwecho sindidandaula kuti Bienvenu Mbutu Mondondo, mbadwa ya ku Congo imene inapempha khoti la ku Belgium kuti liletse buku la Tintin lija, anagonja pa mlanduwo mu 2012, ngakhale kuti mkwiyo wake ndimaumvetsa. Bukulo ndi umboni wa zimene ana a ku Belgium ankaphunzitsidwa za anthu amene dziko lawo linkawalamulira, ndipo umboni sautentha. Malo ake ndi m'laibulale ndi m'kalasi ya mbiri yakale, pamodzi ndi mawu ofotokoza nthawi imene linalembedwa, osati pamphasa pamene mayi akugoneka mwana. Njira imene osunga mabuku a Dr. Seuss, wolemba mabuku a ana wa ku America, anatenga mu 2021, yolengeza poyera mayina a mabuku asanu ndi limodzi amene asiya kuwasindikiza ndi kutchula chifukwa chake, ndi yachilungamo kuposa kusintha mawu usiku.

Nyimbo ya m'tchalitchi ndi yosiyana pang'ono ndi buku, chifukwa woyimba amaitenga kukhala pemphero lake, ndipo mpingo sungakakamize munthu kupemphera mawu omunyoza iye mwini kapena mbale wake. Mabuku a nyimbo akhala akusinthidwa m'mibadwo yonse, ndime zina kuchotsedwa, zina kuwonjezeredwa, kotero palibe chachilendo pamenepa. Pempho langa kwa makomiti okonza mabuku amenewa ndi kwa osindikiza mabuku a ana n'lakuti pansi pa nyimbo kapena kumapeto kwa buku azilemba kuti ndime yakutiyakuti inachotsedwa, m'chaka chakuti, pa chifukwa chakuti, ndipo mawu oyambirirawo azisungidwa m'sukulu zophunzitsa abusa ndi aphunzitsi kumene wofuna kuwaona angawapeze.

Ndine,
Wowerenga nyuzipepala yanu