Lipoti la msonkhano wa zaumoyo umene munanditumako

Atcheya, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu la maliro kuno ku Mufakose mu Harare, ndabwerako kumene munandituma Loweruka lapitali. Munandituma chifukwa maliro amene tayendetsa chaka chino, ambiri ake anthu ankangoti "inali BP" kapena "zinali impso", ife n'kuvomera osadziwa kuti BP imapha bwanji munthu amene dzulo lake anali kuyenda bwinobwino. Msonkhano unachitikira m'tauni, ndipo amene anatiphunzitsa anali adokotala achizimayi ndi anamwino awiri.

Adokotalawo sanayambe ndi mankhwala. Anatulutsa baluni yaitali, naiuzira mpaka theka. Mbali imodzi inafufuma, kumchira kunatsala kopyapyala. Anatiuza kuti tiigwire mmodzimmodzi. Pofufumapo panali gwaa, polimba ngati chikopa cha ng'oma, koma kumchira kunali lobodo, chonsecho mpweya wa m'katimo ndi umodzi ndipo ukukankha mofanana paliponse. Anati lamulo limeneli limatchedwa ndi dzina la Laplace, katswiri wa masamu wa ku France: khoma la payipi limakokeka molingana ndi mphamvu ya zimene zili m'kati kuchulukitsa ndi kukula kwa payipiyo. Ndiye chifukwa chake timitsempha ting'onoting'ono, timene khoma lake ndi lopyapyala kuposa khungu la anyezi, sitiphulika wambawamba, pamene mtsempha waukulu wochoka kumtima umafunika khoma lochindikala. Choopsa chili apa. Mtsempha ukafooka pamalo amodzi n'kuyamba kutupa, kutupako kumaonjezera kukokeka, kukokekako kumaonjezeranso kutupa. Amene munakwerapo njinga mukudziwa chotupa cha pa chubu, sichibwerera m'mbuyo. Mtsempha waukulu wa m'mimba ukafika masentimita 3 m'lifupi amati watupa, ndipo ukafika cha m'ma 5.5 madokotala amaganiza za opaleshoni. BP ikakhala pa 140/90 kapena kuposa apo kwa zaka, makoma a mitsempha yonse amakhala akukokedwa usana ndi usiku, mwini wake osamva kanthu. Ine pamenepa ndinakumbukira malemu mlamu wanga, amene anasiya mapiritsi ati poti mutu unasiya kuwawa.

Za kupuma anadutsapo mwachangu. Mapapo sadzikoka okha. Pansi pake pali mnofu wotambalala umene ukatsika, chifuwa chimakula, mpweya wa m'kati umachepa mphamvu, ndipo wakunja umalowa wokha, ngati mvukuto wa wosula makasu. Robert Boyle ndiye anafotokoza lamulo limeneli mu 1662. Munthu wamkulu akakhala phee amakoka mpweya pafupifupi theka la lita, maulendo 12 mpaka 20 pa miniti. Chimene chinandigwira mtima ndi cha mphumu: njira ya mpweya ikachepa ndi theka, kuvuta kwa kudutsamo sikuwirikiza kawiri ayi, koma ka 16. Anatipatsa timapaipi tomwera zakumwa kuti tipumiremo. Sindinathe ngakhale miniti. Chonde, mwana wa mphumu akamalira m'chifuwa tisamati akudzichititsa, ndiponso mbaula ya makala isamagone m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ino ya June ndi July.

Pa impso ndi pamene tinakhalitsa, ndipo mafunso anachuluka. Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Magazi amafika pa timasefati ndi mphamvu ya mtima, madzi n'kufinyikira kunja monga timachitira posefa thobwa, maselo a magazi ndi mapuloteni n'kutsalira. Pa tsiku impso ziwirizi zimasefa malita pafupifupi 180, komatu mkodzo umangotuluka lita imodzi ndi theka. Ena onsewo thupi limawabweza. Nditamva ndinaganiza za madiramu amene timatungira madzi mipopi ikauma: pafupifupi diramu lathunthu, tsiku lililonse, m'tiziwalo tokula ngati chibakera.

Nanga achipatala amadziwa bwanji kuti sefa ikugwira? Amayang'ana chinyalala china chochokera m'minofu, dzina lake creatinine, chimene thupi limapanga mosasinthasintha tsiku ndi tsiku. Akayeza kuchuluka kwake mu mkodzo, n'kuchulukitsa ndi mkodzo wotuluka pa miniti, n'kugawa ndi kuchuluka kwake m'magazi, amapeza mlingo wa magazi amene impso zayeretsa pa miniti imodzi. Masiku ano kawirikawiri amangotenga magazi okha, n'kuwerengera pamodzi ndi zaka za munthu, ndipo papepala pamalembedwa eGFR. Wachinyamata wathanzi amakhala cha m'ma 120. Nambala ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, ndiye kuti impso zadwala. Ikatsika pansi pa 15, nkhani imakhala ya makina otsuka magazi, monga a ku chipatala cha Parirenyatwa, amene munthu amayenera kukhalapo maola anayi katatu pa sabata. Anatikumbutsa kuti ngakhale Mayi Sally Mugabe, mkazi woyamba wa a Robert Mugabe, anamwalira ndi matenda a impso mu 1992. Sasankha wosauka.

Mayi wina anafunsa kuti, ngati impso zimasefa ndi mphamvu ya magazi, si bwino kodi BP ikakwera? Yankho linali lakuti sefa ya thobwa ukamaifinya mopitirira imang'ambika. Timasefa tikaonongeka sitimeranso, totsalato timasenza katundu yense, nato n'kutopa. Shuga amaononganso chimodzimodzi. Anachenjeza za mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amene timagula pamsika n'kumamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, ndi za mchere: usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa m'matemba ndi m'supu wa m'mapaketi.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. M'thumba lathu, limene mpaka lero langogula mabokosi ndi nkhuni za pamaliro, tichotsemo pang'ono tigule makina oyezera BP, tiziyezana tikakumana Lamlungu loyamba la mwezi. Mmodzi wa anamwino aja wavomera kubwera kudzatiphunzitsa kagwiritsidwe kake. Amene ali ndi BP kapena shuga akapemphe kuchipatala kuti awayeze creatinine ndi mkodzo kamodzi pa chaka. Ndalama ya kombi yotsala ndaipereka kwa amsungichuma, ndipo baluni ija ndabwera nayo kuti muigwire nokha.