Mipingo yathu ili ndi alaliki ambiri, ikusowa makochi

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi onse amene anapatsidwa udindo woyang'anira achinyamata m'mipingo yathu. Ine ndine mkulu wa mpingo, komanso madzulo ena pakati pa sabata ndimaphunzitsa anyamata mpira pabwalo la sukulu ya pulayimale kwathu kuno. Ntchito ziwirizi zandionetsa chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Mnyamata amene ali mu timu yanga ndimamudziwa mwendo umene amadalira, ndimadziwa akabwera asanadye, ndimadziwanso mnzake amene akumupotoza. Mnyamata yemweyo akalowa m'tchalitchi Lamulungu amangosanduka dzina la m'kaundula. Timawerenga kuti ku chitsitsimutso kunabwera achinyamata angati, anakweza manja ndi angati, abatizidwa angati chaka chino. Koma funsani pa msonkhano wa akulu kuti mtsikana uja anabatizidwa chaka chatha akumuyendera ndani, mudzaona aliyense akuyang'ana mnzake.

Misonkhano ikuluikulu sindikuinyoza. Mapemphero ochezera usiku, misasa ya pa Pasaka, zikondwerero za makwaya, zonsezi zili ndi ntchito yake ndipo ambiri tinatembenukira kumeneko. Chimene ndikunena n'chakuti palibe timu imene inatengapo chikho chifukwa osewera ake ankasonkhana kamodzi pa mwezi kudzamva mawu olimbikitsa. Wosewera amapangidwa ndi munthu amene amaima pambali pake sabata ndi sabata, akumuyang'ana ndi kumukonza.

Ku Kenya kuli tauni yaing'ono yotchedwa Iten, pamtunda wokwera pafupifupi mamita 2,400, imene lero imadziwika padziko lonse chifukwa cha akatswiri othamanga. M'chaka cha 1976 kunafika bulazala wina wachikatolika wochokera ku Ireland, Colm O'Connell, wa chipani cha Patrician Brothers. Anabwera kudzaphunzitsa jogalafe pa sukulu ya sekondale ya anyamata ya St Patrick's, ndipo za kuphunzitsa anthu kuthamanga sankazidziwa n'komwe. Anayamba ndi kuthandizira mphunzitsi wina amene ankayang'anira masewerowa, ndipo mnzakeyo atachoka ntchito yonse inagwera iye. Mwini wake wakhala akunena kuti luso limeneli analiphunzira kwa ana omwewo, powayang'anitsitsa ndi kuwamvetsera. Pa sukulu imeneyi panatuluka Peter Rono amene anapata mendulo ya golide pa mamita 1500 ku masewero a Olympics a ku Seoul mu 1988, Matthew Birir amene anatenga golide ku Barcelona mu 1992, ndi Wilson Kipketer amene anadzakhala munthu wothamanga kwambiri padziko lonse pa mamita 800. Kuyambira mu 1989 bulazalayu anayambitsa misasa ya pa tchuthi, kumene ankasonkhanitsa ana a sukulu zosiyanasiyana, atsikana omwe, panthawi imene anthu ambiri kumeneko sankaona chifukwa choti mwana wamkazi azithamanga.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya David Rudisha. Mnyamatayu anachokera dera la Kilgoris, kwa Amasai, ndipo bambo ake a Daniel Rudisha anali atapatako mendulo ya siliva ku Olympics ya ku Mexico mu 1968 pa mpikisano wolandizana kamtengo. Iye ankathamanga mitunda ifupiifupi, monga mamita 400. Bulazala Colm ataona katambasulidwe ka miyendo yake, anamuitanira ku Iten, namuuza kuti ayesere mamita 800. Izi zinali cha mu 2005. Pa 9 Ogasiti 2012 mumzinda wa London, Rudisha anatsogola kuyambira poyambira mpaka pomalizira, natsiriza mamita 800 pa mphindi imodzi ndi masekondi 40.91, liwiro limene munthu wina aliyense anali asanalifikepo. Dziko linaona mphindi zosakwana ziwiri zimenezo. Zaka zisanu ndi ziwiri za m'mamawa wozizira, za fumbi, za kuvulala ndi kuchira, anaziona ndi munthu mmodzi amene anali naye pafupi. Ndipo munthuyo ndi amene anaona mwa mnyamatayo mphatso imene mwini wake sankaidziwa.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, kodi si ntchito imeneyi imene tinatumidwa? Pa Mateyu 28 Ambuye sanatiuze kuti tikasonkhanitse makamu. Anati tikaphunzitse anthu kuti akhale ophunzira ake, ndi kuwaphunzitsa kusunga zonse zimene anatilamula. Kusunga lamulo munthu saphunzira pongomva, amaphunzira poyesera wina akumuona. Marko akufotokoza pa mutu 3 kuti pamene Yesu anasankha khumi ndi awiri aja, cholinga choyamba chinali choti azikhala naye, kutumidwa kukalalikira kunabwera pambuyo. Anadya nawo, anayenda nawo, anawamva akukanganirana ukulu panjira nawafunsa atafika kunyumba. Atawatuma awiriawiri, anabwerera kudzamufotokozera mmene ayendera, monga momwe osewera amakhalira pansi ndi kochi wawo mpira ukatha.

Onaninso Paulo ndi Timoteo. Anamupeza ku Lusitara ali mnyamata, abale a kumeneko akumuchitira umboni wabwino, namutenga paulendo. Ankadziwa dzina la amayi ake, Yunike, ndi la agogo ake, Loisi. Ankadziwa kuti mnyamatayo amavutika m'mimba kawirikawiri, mpaka kumulembera za chimene azimwa. Ankadziwa kuti ena angamupeputse chifukwa cha ubwana wake. Munthu sungadziwe zoterezi za mnzako ngati umangomuona uli pa guwa iye ali pa benchi yakumbuyo. Ndipo Paulo anamuuza kuti zimene wamva kwa iye azipereke kwa anthu okhulupirika amene adzathenso kuphunzitsa ena. Pamenepo pali mibadwo inayi m'chiganizo chimodzi. Paulo yemweyo ndi amene anakonda kuyerekeza moyo wachikhristu ndi mpikisano wothamanga polembera Akorinto, anthu amene masewero akuluakulu ankachitikira pafupi ndi mzinda wawo, choncho fanizo la bwalo la masewero silachilendo mu mpingo.

Mundilole ndifotokoze mmene ntchitoyi imaonekera pafupi. Mwana akamayamba mpira, akalandira pasi maso ake amakhala pansi, pa mpirawo. Saona mnzake amene ali poyera, saona mdani amene akubwera kumbuyo. Ungamufotokozere pa bolodi mpaka choko kutha, akalowa m'bwalo mutu ubwerera pansi. Mankhwala ake ndi amodzi: uime pafupi naye, nthawi iliyonse mpira ukamubwerera umuuze kuti "dzutsa mutu". Lero, mkuja, sabata ya mawa, mawu omwewo. Tsiku lina umangoona wayang'ana kumanzere ndi kumanja mpira usanamufike, wapereka pasi yabwino, kenako wakucheukira kuti aone ngati waona. Kucheuka kumeneko ndiye nkhani yonse. Mwana amafuna kudziwa kuti pali wamkulu amene akumuona.

Tsono kunena zoona pamene bodza likanakupulumutsa, kubweza chenji yonse kwa amayi, kukana anzako akamakukokera kukabetcha kapena kukasuta chamba, kulemekeza mtsikana, kupemphera wekha popanda kwaya yokuimbira, zonsezi zimaphunziridwa mwanjira yomweyo. Pafunika wina wofunsa Lachitatu kuti zija tinakambirana zikuyenda bwanji. Mnyamata wina mu timu yanga anangosiya kubwera. Nditapita kwawo ndinapeza kuti wayamba kupalasa kabaza wa malume ake kuyambira m'bandakucha, chifukwa bambo ake anadwala ndipo pakhomo panalibe chakudya. Amayi ake anandiuza kuti kutchalitchinso anali atasiya kalekale, koma panalibe aliyense wa kumpingo amene anafika kudzafunsa. Mu timu kusowa kwake kunaoneka tsiku lomwelo chifukwa malo ake otseka kumbuyo anali opanda munthu. Mu mpingo malo ake sanaoneke kuti ali pululu, poti analibe malo.

Makolo athu nzeru imeneyi anali nayo. Ku chinamwali sankangodalira anamkungwi olangiza gulu lonse, namwali aliyense ankakhala ndi phungu wake womuyang'anira. Mipingo yathu inatengako mbali ina pokhazikitsa alangizi, ndipo amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano agwira ntchito yaikulu pamenepa. Koma chilangizo chathu chimabwera pa nthawi zoikika: mwana akatha msinkhu, akamalowa m'banja, kapena akalakwa kale. Pakati ponsepo mwana amayenda yekha. Kalasi ya ubatizo ikatha timamupatsa khadi, timajambulitsa, basi. Kuwongola mtengo n'poyamba, timatero, koma ife timadikira upindike kenako n'kuuitanira ku bwalo la akulu kuti tiuimitse mgonero.

Pali pamene fanizo la kochi limalekera, ndipo apa mpingo uyenera kupambana bwalo la masewero. Kochi amasankha osewera khumi ndi mmodzi, ena amakhala pa benchi, ndipo amene sakuchita bwino nyengo ikatha amamutaya. Mpingo ulibe ufulu umenewo. Chiyeso chathu n'chakuti tikayamba kulera achinyamata timathamangira owala kale: woimba bwino, wolankhula Chingerezi chosalala, mwana wa abwana. Wachibwibwi, wolephera mayeso a fomu 4, mtsikana amene anabereka ali pasukulu, awa timawalambalala. Kumbukirani kuti Paulo anakana kumutenganso Yohane Marko chifukwa anawathawa paulendo woyamba ku Pamfuliya, ndipo mkangano wake ndi Barnaba unakula mpaka anasiyana. Barnaba anamutenga mnyamata wokanidwayo napita naye ku Kupro. Patapita zaka, Paulo ali m'ndende analemba kuti amubweretsere Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Pakanapanda Barnaba mawu amenewo sakanalembedwa. Ngakhale ku Iten, mwa ana ochuluka amene anadutsa m'manja mwa Bulazala Colm, opata mendulo ndi ochepa. Enawo anabwerera kwawo ali aphunzitsi, alimi ndi makolo, ndipo nthawi imene anawapatsa sinapite pachabe.

Ndiyeneranso kutchula choopsa chake poyera, chifukwa kubisa sikuthandiza. Ubale wa wamkulu ndi mwana womukhulupirira uli ndi mphamvu, ndipo m'masewero ngakhalenso m'mipingo alipo anthu amene agwiritsa ntchito mphamvu imeneyi kuononga ana. Choncho ntchitoyi ichitike poyera. Atsikana aziyang'aniridwa ndi amayi, anyamata ndi abambo. Makolo adziwe amene akuyenda ndi mwana wawo ndipo avomereze. Kukumana kuzichitikira pakhonde, pabwalo, pansi pa mtengo wa kutchalitchi, osati m'chipinda chotseka. Mwana akadandaula, amveredwe, ndipo nkhani yofunika apolisi ipite kupolisi, isathere m'vesitile pofuna kuteteza dzina la mpingo. Wolera mnzake mu uzimu asasandukenso mwini wa moyo wake, womusankhira mkazi, womulamula ndalama. Kochi wabwino amakonzekeretsa wosewera kuti akaganize yekha m'bwalo, chifukwa wezulo ikalira iye amatsala kunja kwa mzere.

Ndikudziwa yankho limene ndilandire: abusa ali ndi mipingo ing'onoing'ono yambiri yoti aziyendera, ndalama palibe, anthu ndi otanganidwa. Zonsezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi siyingakhale ya abusa okha. Siifunanso galimoto, zokuzira mawu kapena mlaliki wochokera kunja. M'mpingo uliwonse muli mmisiri wa matabwa, namwino, mphunzitsi wopuma, mayi wogulitsa tomato amene wakhala wokhulupirika zaka makumi atatu. Aliyense wa awa angathe kutenga achinyamata awiri kapena atatu, osapitirira apo. Ambiri a iwo amaopa poganiza kuti sadziwa Baibulo mokwanira. Bulazala uja anayamba asakudziwa kanthu za kuthamanga, koma ankapezeka pabwalo tsiku ndi tsiku ndipo maso ake anali pa ana.

Pempho langa kwa atsogoleri ndi ili. Pa msonkhano wanu wotsatira wa seshoni, wa khonsolo ya parishi kapena wa komiti ya mpingo, tsegulani kaundula ndi kuwerenga mokweza maina a achinyamata onse amene anabatizidwa kapena kulimbitsidwa m'zaka ziwiri zapitazi. Pa dzina lililonse funsani amene anamuona komaliza ndi komwe ali lero. Kenako lembani pambali pake dzina la mkhristu wamkulu mmodzi amene wavomera kuyenda naye, mutakambirana ndi makolo ake. Pakatha miyezi itatu muitane wamkuluyo, osati mwanayo, adzafotokoze mmene akuyendera. Magulu a m'sukulu monga SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, nawonso angachite chimodzimodzi, a fomu 4 kutenga a fomu 1. Ndipo ngati ilipo mipingo imene ikuchita kale zimenezi, ndikupempha kuti itilembere m'nyuzipepala muno mmene inayambira ndi zovuta zimene yakumana nazo, kuti enafe titengereko.

Ine wanu,
Mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi wa mpira wa achinyamata,
Zomba