Kalata kwa Chisomo, atabwerako ku kampu

Bangula, 24 Ogasiti

Wokondedwa Chisomo,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako, bambo ako ndi mlongo wako Yamikani. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lija limavutabe m'mawa kukazizira. Kuzizira kwakenso kwatsala kwa masiku owerengeka, Okutobala akafika tiyambanso kugona pakhonde.

Amayi ako anandiimbira foni Lachitatu. Akuti unabwerako ku kampu ya ana ku Ngabu mawu atasasa ndi kuimba, kapepala ka vesi kali m'thumba la diresi. Akutinso m'mawa mwake munalimbirana chimanga chootcha ndi Yamikani, iwe n'kumutsina, kenaka unakakhala kuseri kwa khitchini ukulira, uku ukuti, "Ndiye kuti ku kampu kuja ndinangopita pachabe, sindinakule mumzimu." Ndinaseka, usandikwiyire. Nditatha kuseka ndinati mwanayu ndimulembere kalata, poti pafoni mayunitsi sachedwa kutha.

Kumutsina mlongo wako unalakwa, ndipo ngati sunamupepese ukamupepese lero. (Bambo akowo ali aang'ono ankanditsina kwambiri, ukawafunse ngati angakane.) Koma zoti unapita pachabe, zimenezo ayi.

Tulutsa kapepala kaja. Amayi ako anandiwerengera, akuti ndi Genesis 12 ndime 2, pamene Mulungu analonjeza Abramu kuti adzamudalitsa, ndipo iyeyo adzakhala dalitso kwa ena. Udziwa Abramu anali ndi zaka zingati pamene ankanyamuka ku Harana atamva mawu amenewo? Zaka 75. Wamkulu kuposa ine, mwinanso kuposa agogo ako. Tsono upemphe amayi ako akuwerengere mutu womwewo mpaka kumapeto. Kunagwa njala, Abramu anapita ku Iguputo, ndipo kumeneko anachita mantha mpaka ananena kuti Sarai mkazi wake ndi mlongo wake. Mutu womwewo, mwanawe, dalitso lisanazizire n'komwe. Koma Mulungu sanamulande lonjezo lija. Anayenda naye zaka zina 25 Isake asanabadwe. Ndiye iwe wa sitandade 3 umafuna sabata imodzi ya ku Ngabu ikumalize?

Ukukumbukira chaka chatha mu Meyi, madzi ataphwa m'madimba, tinapita limodzi kukaoka mbatata? Ndinakupatsa mzere wakowako. Patangotha sabata ndinakupeza utagwada, ukufukula ndi kamtengo kuti uone ngati zayamba kuika. Unapeza timizu toyera ngati ulusi basi, ndipo unakwinya nkhope n'kunena kuti mbatata za azakhali n'zaulesi. Ndinakuuza kuti ukwirire, usamazisokoneze. Patatha miyezi inayi tinakumba mzere womwe uja, inatuluka mbatata ina yonga mkono wa bambo ako, unayenda nayo mudzi wonse ukuonetsa anthu. Pa Marko 4 ndime 26 mpaka 29 Yesu ananena za munthu wofesa mbewu, amene amagona n'kudzuka, usiku ndi usana, mbewu n'kumamera ndi kukula iye osadziwa kuti zikuchitika bwanji. Ine mawu amenewa ndimawamva bwino ndikakhala kudimba kusiyana ndi pabenchi ya m'tchalitchi. Chimene unachita kuseri kwa khitchini kuja n'kufukula ndi kamtengo. Ntchito yako ndi yopalira: kupemphera m'mawa, kuwerenga kavesi kako, kupepesa ukalakwa. Zapansi pa nthakazo mwini wake alipo.

Tsopano ndikuuze chinthu chimene sukudziwa kuti ndikudziwa. Mayi wina wa kumpingo kwathu kuno anali m'gulu la ophika ku kampu kwanuko. Atabwerako anandipeza pamjigo n'kundifunsa ngati kamtsikana kodula tsitsi, ka diresi yobiriwira, kochokera ku Nchalo, ndi ka kwathu. Mtima unagunda, ndimati mwina unaswa kanthu. Iye anati tsiku loyamba m'mawa, ana ali pamzere wa phala, panali kamwana kena ka ku Makhanga kamene kanabwera opanda kapu. Kanaima pambali pafupi ndi mtengo wa nimu, manja kumbuyo, kudikira kuti wina amalize kumwa. Iwe unali utafika kale pa mphika. Unatunga phala, unayang'ana uku ndi uku, kenaka unapita n'kukapatsa kamwanako kapu yako yodzaza, iwe n'kubwerera kumapeto kwa mzere. Pamene kapu inkabwerera kwa iwe, mumphika munali mutatsala zokanda za pansi, zonunkha utsi. Unamwa zomwezo. Akuti masiku onse asanu munkamwera kapu imodzi, ndipo sunauze mphunzitsi aliyense.

Ngakhale amayi ako sunawauze. Ndikuganiza kuti unaiwala, chifukwa kwa iwe sinali nkhani. Koma ine nditamva ndinakhala kaye pansi pa simenti ya mjigo, ndowa ili posefukira, chifukwa ku Makhanga n'kwathu, ndipo ndinaimapo pambali chomwecho.

Unali usanabadwe. Mu Januwale 2015 mvula inagwa masiku otsatizana, mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudutsa m'midzi. Madzi anatipeza usiku. Ine ndi agogo ako aakazi tinagona pachulu masiku awiri, ena ali m'mitengo, mbuzi ndi nkhuku zikudutsa pamadzi ife tikuona. Anadzatitenga ndi boti n'kutibweretsa kuno ku Bangula, ku kampu. Imeneyonso inkatchedwa kampu, koma sinali ya nyimbo ndi masewera ngati yanu. Tinafika ndi zovala za m'thupi zokha. Titalandira ufa ndi nyemba ndinangozigwira m'manja, poti ndinalibe mphika, mbale, ngakhale chipande.

Madzulo a tsiku lachiwiri kunabwera kamnyamata ka kuno, ka zaka mwina 10, kovala malaya a sukulu ong'ambika paphewa. Kanali katanyamula kampoto kakuda kopanda chivundikiro, ndi mchere womanga m'pepala la kope, pooneka masamu a sitandade 4 ochongedwa ndi inki yofiira. Kanaika zinthuzo patsogolo pa agogo ako, kanagwada pang'ono, n'kuthawa. Sindinakafunse dzina. Mpaka lero ndikamayenda mumsika wa Bangula ndimayang'ana anyamata oyendetsa kabaza, n'kumati mwina ndi uyu, mwina ndi uyo. Kampoto kaja ndikadali nako, ndi kamene ndimaphikira therere ukabwera.

Ndikamawerenga Yohane 6 ndimaona kamnyamata komweko. Nkhani ya Yesu kudyetsa anthu 5,000 ili m'mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino, koma ndi Yohane yekha amene anakumbukira kunena kuti mikate isanu ija ndi tinsomba tiwiri zinachokera kwa mwana. Andreya, mbale wake wa Simoni Petro, ndi amene anamuona, ndipo iyenso anaderera, amati zimenezi zingakwane ndani pa chikhamu chonsechi. Anthu anadya n'kukhuta, zotsala zinadzaza mitanga 12. Dzina la mwanayo silinalembedwe. Ine ndimaganiza kuti madzulo ake anafika kunyumba n'kukanganabe ndi abale ake ngati ana onse.

Ndiye usalirenso kuseri kwa khitchini. Sukulu ikatsegulira mu Sepitembala, pa nthawi ya buleki uzingoyang'ana ngati pali wina waima pambali manja kumbuyo. Nthawi zina sudzakhala ndi chomupatsa, ungomuitana adzasewere nawo fulaye. Ndipo kunyumba kwanu komweko kuli kamwana kena kamene kamakonda chimanga chootcha, ukakayambire komweko.

Ndatumiza jumbo ya masawu ndi malambe anayi kudzera kwa kondakitala wa minibasi amene amayi ako akumudziwa, Loweruka m'mawa akadikire pasiteji ya ku Nchalo. Malambe awiri ndi a Yamikani, usawerenge molakwitsa. Ngati ukukumbukira dzina la mnzako wa ku Makhanga uja ndi mudzi wa kwawo, undilembere. Ndikuyembekeza kuwoloka pa bwato mwezi wa mawa kukaona manda a agogo ako aamuna, ndipo ndili ndi kapu yapulasitiki yofiira imene ndikhoza kukamusiyira.

Upereke moni kwa onse, ndipo bambo ako uwauze kuti ndikudikirabe mankhwala a bondo aja analonjeza pa Isitala.

Ndine azakhali ako okukonda.