Oweta nkhuku m'tauni, sankhani mpanda wosunthika

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga amene timaweta nkhuku m'mapuloti a m'tauni. Chilimwe chikafika, mikangano ya nkhuku imachuluka m'makomomu. Munthu wathirira mpiru wake ndi madzi ogula pa kiyosiki, m'mawa akupeza nazale yonse yapalasidwa. Mwini nkhuku akangoti "nkhuku siidziwa malire", chibale chatha. Ine ndimaweta nkhuku komanso ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba, ndiye mbali zonse ziwiri zimandikhudza. Nkhuku tizizitchingira, koma mpanda wake ukhale woti anthu awiri atha kuunyamula n'kuukhazika pena.

Mpanda wokhazikika umapha malo. Pakangopita masabata ochepa udzu watha, pansi pali gwa, chitosi chaunjikana, ndipo mvula ikagwa ndi matope onunkha. M'dothi lotero mazira a njoka za m'mimba amachuluka, nkhuku n'kumangowatolanso. Mpanda wosunthika umaika nkhuku pa bedi lomwe mwangokolola. Zimatola mbozi ndi njere za udzu, kupalasa nthaka n'kusiyapo manyowa. Mukaona kuti msipu watha, mwasuntha. Koma musadzale ndiwo zamasamba nthawi yomweyo, chifukwa chitosi chachiwisi chimawotcha mbewu. Gaulani, thirirani, dikirani masabata angapo.

Wanga ndi wa mafelemu a nsungwi. Lililonse ndi lotalika mamita 2, msinkhu wake mita imodzi ndi theka, ndipo ndinakungapo waya wa nkhuku wogula ku hadiweya. M'makona ndimamanga ndi malegeni, osakhoma misomali, kuti pomasula pasavute. Nsungwi ndi yopepuka kuposa matabwa a bulugamu, ndipo ikathyoka mumangosintha imodziyo. Mapazi a felemu ndimawapaka oyilo wakale wa galimoto poopa chiswe. Pansi ndimakhoma zikhomo kuti mphepo ya Okutobala isagwetse.

Pogula waya yang'anani maso ake, musangofunsa mtengo. Wa maso a mamilimita 50 ndi wotchipa, koma anapiye amangodutsa, likongwenso amalowa. Mukakhala ndi thadzi la ana, m'munsi monse mukhale waya wa maso a mamilimita 13, ngakhale kufika m'mawondo chabe, ndipo ugunde pansi bwinobwino. Ndinaonapo kamwanapiye katakolekera mutu pampata wa pakati pa waya ndi dothi, make akuzungulirazungulira mkati akulira, osatha kukathandiza. Pamwamba pafunikanso chotchinga, kaya waya kaya masaka osokerera, chifukwa mphamba ndi kabawi satchingika ndi mpanda wa m'mbali. Masakawo amaperekanso mthunzi. Nkhuku yotsekeredwa padzuwa siingathawire pansi pa mtengo, choncho madzi asamasowe.

Za msinkhu, dziwani mtundu wa nkhuku zanu. Za Mikolongwe ndi zolemera, siziuluka kwenikweni, mpanda wa mita 1.2 umazikwanira. Zachikuda zimadumpha umenewo mosavuta. Kwa izo kwezani mpanda, kapena dulani ndi sizasi nsonga za nthenga zazitali za phiko limodzi lokha. Siimva kuwawa mukadula nsonga zokha, ndipo nthengazo zimadzameranso.

Chimene chimandiwawa mtima ndi kuona neti zaudzudzu zatsopano, zolandira kuchipatala, zitakungidwa kukhala mpanda wa nkhuku, ana akugona pamtetete. Netiyo inabwera kudzateteza mwana ku malungo. Padzuwa siichedwanso kuwonongeka, galu akangoikanda yang'ambika. Ngati ndalama ya waya palibe, lukani bango kapena nsungwi zong'alula mothithikana, mupange zigawo zonyamulika. Zimagwira ntchito.

Mpanda umenewu ndi wa masana okha. Waya wa nkhuku suletsa galu wanjala kapena wakuba, choncho kukada zilowe m'khola lotseka. Nkhuku yotchingiridwa siipezanso chakudya chokwanira payokha. Madeya okha sakwana, onjezerani masamba, chiswe ndi nyenyeswa za usipa. Ndipo pasakhale wonamizidwa kuti mpanda uthetsa chitopa. Umachepetsa kusakanikirana ndi nkhuku za eni, koma katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso pa miyezi 4 iliyonse, ndiye amateteza. Matendawa atha kubwera ndi nkhuku yogula pamsika kapena nsapato za mlendo.

Pempho langa lipite kwa alangizi a ziweto, kuti pa misonkhano ya katemera aziwonetsanso anthu kamangidwe ka mafelemuwa. Akalipentala ndi owotcherera zitsulo a m'misika yathu nawonso ayambe kuwapanga, azigulitsa limodzilimodzi, kuti wa ndalama zochepa azigula pang'onopang'ono mpaka mpanda wake utakwana.

Mayi woweta nkhuku,
Chinsapo, Lilongwe