Munthu amene mwafunsa uja, Thandika Mkandawire

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndauona, koma funso lanu loti Thandika Mkandawire anali ndani silakuyankha ndi chala chimodzi, ndiye ndakhala pansi. Kuno tili bwino. Mayi ndinawaona kutchalitchi Lamulungu, bondo lija lokha ndi limene likuwavutabe.

Ndaseka kumva kuti aphunzitsi anu ku Leeds atatchula Thandika Mkandawire, anzanu a ku Ghana ndi ku Nigeria anacheukira kwa inu, inu n'kungoti kakasi. Manyazi asakugwireni. Ife tinakula nthawi imene dzina la munthu wothawa m'dziko silinkatchulidwa pagulu, ndipo bamboyu anali mmodzi wa otero.

Anabadwa mu 1940 ku Gwanda, ku Zimbabwe, bambo ake Mmalawi, mayi ake a komweko. Ubwana wake wina anathera ku migodi ya ku Zambia, sekondale n'kudzaphunzira ku Zomba Catholic. Ali mnyamata ankalemba nkhani mu Malawi News, masiku omenyera ufulu aja, mpaka atsamunda anamutsekerako m'ndende. Kenako anapita ku Ohio State University ku America, kumene anaphunzira za chuma. Nduna zitagalukira a Kamuzu mu 1964 iye sanatseke pakamwa, boma n'kumulanda pasipoti. Dziko la Sweden ndi limene linamusunga, ndipo kwawo kuno sanapondeko kwa zaka pafupifupi 30. Taganizani, inu zaka zinayi zokha mwayamba kale kulira nsima ya mgaiwa.

Ntchito anagwira zikuluzikulu. Anatsogolera CODESRIA, bungwe la ofufuza a mu Africa ku Dakar, kwa zaka khumi kufika 1996. Kuyambira 1998 mpaka 2009 anali mkulu wa UNRISD, bungwe la United Nations lofufuza za chitukuko cha anthu, ku Geneva, kenako pulofesa ku London School of Economics. Anamwalira ku Stockholm pa 27 Malichi 2020, dziko lonse lili kalikiliki ndi korona, moti ambiri kuno za maliro ake sitinazimve n'komwe.

Maudindowo muwapeza pa intaneti. Chimene ndikufuna mumve ndi mmene ineyo ndinamudziwira, chifukwa sikunali m'kalasi.

Mukukumbukira chaka chija anandiika mu komiti yosankha mabanja olandira thandizo la ndalama? Anatiuza kuti pa mabanja 100 alionse tilembe khumi okha, osaukitsitsa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pa bwalo la amfumu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Agogo awiri oyandikana nyumba, onse denga lodontha, onse olera ana amasiye. Mmodzi tinamusiya chifukwa anali ndi mbuzi ziwiri. Mpaka lero mayi ameneyo sandiyankha moni, ndipo sindimuimba mlandu. Chaka chotsatira ndinamva anthu ena akukasungitsa ziweto kwa abale kukamveka kuti olemba maina akubwera.

Patapita nthawi mphwanga wa ku Chancellor College anandipatsa pepala limene Mkandawire analemba mu 2005, lokamba za kusankha osauka ochepa poyerekeza ndi kuthandiza anthu onse. Ndinaliwerenga usiku umodzi. Mfundo yake ndi yakuti m'dziko limene osauka ndiwo ochuluka, kusefa anthu kumadya ndalama zambiri, kumasiya kunja oyenera, kumachititsa manyazi olandira, ndiponso kumapatsa mphamvu amene wagwira cholembera. Cholembera chimenecho ndinachigwira ndine, achimwene. Ankanenanso kuti sukulu, chipatala ndi penshoni si zachifundo zopereka chuma chikakula, koma ndi zina mwa zimene zimakulitsa chumacho.

Anatsutsanso kwambiri ndondomeko za IMF ndi World Bank za m'ma 1980, zomwe zija zinatseketsa misika ina ya ADMARC kumidzi. Buku lake la mu 1999, Our Continent, Our Future, analemba ndi Charles Soludo, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa banki yaikulu ya Nigeria. N'chifukwa chake anzanu a ku Nigeria amamudziwa. Mkandawire ndiyenso anatchula maboma athu kuti ndi demokalase yopanda chosankha: mumavota bwinobwino, koma aliyense wolowa m'boma amapeza bajeti italembedwa kale ndi obwereketsa ndalama. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu amenewa anandibwerera ndili pa golosale, ndikuwerenga ndalama ya sopo.

Sikuti ndimamuvomera zonse ayi. Zothandiza aliyense n'zokoma kumva, koma msonkho wake uchokera kuti, poti ambirife timagulitsa tomato pamsewu? Iye ankayankha kuti maiko a ku Ulaya ndi ku Asia anayamba zimenezi akadali osauka. Mwina n'zoona, koma ine pamenepa mtima sunakhazikike. Chimene ndimamukondera n'chakuti ankakana zoti boma la mu Africa silingayendetse chitukuko mwachibadwa. Ankakumbutsa kuti maiko ambiri kuno chuma chawo chinkakula ndithu kuchokera pa ufulu mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ankaloza Botswana ndi Mauritius.

Ndiye mukabwerera m'kalasimo, auzeni kuti munthuyo ndi wa kwanu, ndipo muwafotokozere za mbuzi ziwiri zija. Ku laibulale kwanuko mundifunireko nkhani imene anakamba ku London mu 2010, ija anatenga mawu a Nyerere akuti ife tiyenera kuthamanga pamene ena akuyenda. Munditumizire pa imelo, ndikasindikiza kutauni.

Feteleza wa mayi ndagula matumba awiri, ndalama yotsala ndawapatsa m'manja. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kumudzi kuno.