Netiweki inalibe vuto, vuto linali rauta ziwiri m'nyumba mwanga momwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya intaneti ya pakhomo, makamaka kwa ife amene timagawana intaneti imodzi pa makompyuta angapo. Kwa milungu itatu yathunthu ndakhala ndikudandaula kuti netiweki yavuta, kugula bandulo pamwamba pa bandulo inzake, kuimba foni kukampani mpaka kukalipira anthu osalakwa, chonsecho vuto lenileni linali m'nyumba mwanga momwemu. Ndikudziwa kuti si ine ndekha ayi, ndiye ndati ndilembe mwina wina apulumutse ndalama zake.

Kwathu tili ndi rauta ya 4G ija yoikamo simu, imakhala pabalaza pafupi ndi windo. Pamenepo ndi pamene pamalumikizidwa kompyuta yanga ya padesiki yomwe ndimasungirapo maakaunti a kashopu kanga, laputopu ya mwana wanga wamkazi amene ali kukoleji, ndiye mafoni a aliyense m'banjamo. Mwanayu amagona kunyumba ya kuseri ndipo makoma athu ndi a njerwa zootcha, ndiye Wi-Fi imakafika kumeneko itafooka, kandodo kamodzi kokha, nthawi zina kuzimiririka kumene. Alamu anga atabwera kuchokera ku Johannesburg anatisiyira rauta yawo yakale, ine ndinangogula chingwe cha netiweki cha mamita 20, kuchidutsa m'munsi mwa denga, mbali ina kulowetsa mu rauta ya pabalaza ina mu rauta yakaleyo, basi. Tsiku lomwelo zinagwira ndipo tonse tinasangalala.

Mavuto anayamba nthawi ija magetsi ankangozimazima. Magetsi akabwera upeza kompyuta imodzi ikugwira bwinobwino koma inayo ayi, Wi-Fi ikuonetsa kuti yalumikizika, tindodo tonse tadzaza, koma m'munsi mwake palembedwa kuti No internet. Lero ndi laputopu, mawa ndi kompyuta yanga, tsiku lina zonse ziwiri, ukazimitsa ndi kuyatsanso pena zimatheka pena osatheka, ndiye munthu umangoti kaya ndi netiweki yathuyi. Usiku wina cha m'ma 11 koloko mwana wanga anagogoda pachitseko misozi ili m'maso, asayimenti yake imayenera kutumizidwa 12 koloko isanakwane ndipo tsamba la kusukulu silikutseguka. Ndinagula bandulo ina pompo ngakhale yoyamba inali isanathe, osathandiza. Tinachita kudzutsa mayi ake kuti atsegule hotspot pafoni yawo, asayimenti ndikupita patatsala mphindi zochepa. Zinandipweteka mtima kwambiri kuona mwana akuvutika chonchi ine ndikulipira intaneti mwezi ndi mwezi.

Loweruka lotsatira kunabwera mwana wa mlongo wanga, amakonza makompyuta mtauni. Chomwe chinandidabwitsa nchoti sanayambe ndi kugwira rauta ngati mmene ndinkachitira ine. Anakhala pa kompyuta yanga, kulemba cmd, kunatseguka kawindo kakuda kaja, ndiye analembamo ipconfig. Kenako anachita chimodzimodzi pa laputopu ija ndikuziika pafupi. Anandilozera mzere wolembedwa Default Gateway, pa yanga panali 192.168.8.1 pomwe pa laputopu panali 192.168.0.1.

"Amalume taonani apa," anatero, "makompyuta awiriwa ali pakhomo limodzi koma akufunsa njira kwa anthu awiri osiyana, ndipo mmodziyo njira sakuidziwa."

Anandifotokozera motere. Chipangizo chilichonse chikalowa pa netiweki ya pakhomo chimapempha adiresi, ndipo amene amagawa maadiresiwo ndi rauta, ntchito imeneyi amaitchula kuti DHCP. Pogawa adiresiyo rauta imauzanso chipangizocho kuti ukafuna kutuluka kupita pa intaneti udzere kwa ine. Tsono ine polumikiza rauta ziwiri zija ndinasiya zonse zikugawa maadiresi, zili ngati mudzi umodzi wokhala ndi mafumu awiri aliyense akugawa malo payekha. Kompyuta ikapempha, imamvera amene wayamba kuyankha. Magetsi akabwera rauta yakale ija imadzuka msanga kuposa ya 4G, ndiye laputopu poti ili ndi batire ndipo ikungodikira, imalandira adiresi kwa yakaleyo yomwe ilibe simu, ilibe njira iliyonse yotulukira kunja. Nchifukwa chake Wi-Fi imaoneka yodzaza koma intaneti kulibe. Ndipo nchifukwa chakenso vutolo limasinthasintha, zimangotengera kuti wayankha koyamba ndani tsiku limenelo.

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale mphindi 20. Anazula kaye chingwe chija, kulumikiza laputopu ku rauta yakale yokha, kulemba 192.168.0.1 mu Chrome, pasiwedi yake inali pa kasitika pansi pa rautayo. Mmenemo anazimitsa DHCP ndikusintha adiresi ya rautayo kukhala 192.168.8.2 kuti ikhale m'banja limodzi ndi ya pabalaza. Chingwe anachibwezera pa bowo la rauta lolembedwa LAN, anati lolembedwa WAN lija lisiyidwe lopanda kanthu ngati rauta ikungogwira ntchito yofalitsa Wi-Fi. Kenako pa makompyuta onse awiri analemba ipconfig /release ndi ipconfig /renew kuti ataye adiresi yakale ndikupempha yatsopano, onse ndikuonetsa 192.168.8.1 pa Default Gateway. Tinazimitsa dala magetsi pa meni switchi ndikuyatsanso kuti tiyese, laputopu inalowa pa intaneti yokha.

Asanapite ndinamuumiriza kuti andilembere papepala zoyenera kuchita zikadzavutanso, pepalalo ndalimata kuseri kwa chitseko. Anati choyamba yang'anani adiresi ya kompyuta, ikayamba ndi 169.254 ndiye kuti palibe amene waipatsa adiresi, yangodzipatsa yokha, pamenepo musagule bandulo, onani chingwe kapena ngati rauta yayaka. Ngati adiresi ili bwino lembani ping 192.168.8.1 mu kawindo kakuda kaja kuti muone ngati rauta ikuyankha, ikayankha ndiye kuti m'nyumba muli bwino. Kenako ping 8.8.8.8, imeneyi ndi seva ya Google, ikakana pamenepo mpamene mungayambe kukayikira bandulo kapena netiweki ya kampani. Koma 8.8.8.8 ikayankha pomwe masamba sakutseguka ndiye kuti vuto ndi DNS, ija imasandutsa dzina la tsamba kukhala manambala, ndipo pena kungolemba ipconfig /flushdns kumathetsa nkhani. Ine sukulu ya makompyuta sindinapiteko koma zimenezi ndazimva ndipo ndazichitapo kale ndekha kamodzi, ndinapeza kuti chingwe chinali chitasololoka pang'ono kuseri kwa kompyuta mwana wamng'ono akusesa.

Anandionetsanso kena kake kamene kanandiwawa, kompyuta yanga imatsitsa ma update a Windows pa bandulo yomweyo ine osadziwa, ndiye anatsegula pamene palembedwa Metered connection kuti izidziletsa. Pa tsamba la rauta palinso mndandanda wa zipangizo zonse zolumikizidwa, tinawerenga ndikupeza mafoni awiri osakhala a m'banja mwathu, pasiwedi tinasintha tsiku lomwelo.

Akonzi, chimene chikundikhudza ndi ichi. Masiku ano ana athu akuphunzira pa intaneti, ife tikuchita bizinesi pa intaneti, rauta ndi MiFi zalowa m'nyumba zambiri, koma malangizo onse ali m'Chingerezi chovuta ndipo ogulitsa ambiri amangokupatsa katoni ndi lisiti basi. Akanangondiuza mawu amodzi okha kuti mukalumikiza rauta yachiwiri muzimitse DHCP yake, mwana wanga sakanalira usiku uja. Ndikupempha nyuzipepala yathuyi kuti itipatse kadanga kakang'ono sabata iliyonse kofotokoza zinthu ngati izi m'Chichewa, achinyamata odziwa ntchitoyi alipo ambiri m'matauni mwathu ndipo atha kumalemba, ife owerenga nkumatumiza mafunso athu. Ogulitsa zipangizozi nawonso chonde muzifunsa kasitomala kuti akukailumikiza bwanji kunyumba, sizitenga nthawi.

Pomaliza ndipepese kwa mayi uja amene anayankha foni yanga kukampani tsiku lina m'mawa. Munandifunsa mwaulemu ngati foni yanga ikugwira intaneti ndikaima pafupi ndi rauta ya pabalaza, ine ndinakudulani pakamwa ndikukuuzani kuti mukundibera ndalama. Funso lanu linali loyenera ndipo ndikanakumverani vutoli likanadziwika msanga. Pepani kwambiri mayi.

Ine wowerenga wanu,
Bambo wa ana atatu,
Chilomoni, Blantyre